Dongo limene linachititsa kuti thovu libale chitsulo

Makaniko aliyense amene anatsegulapo boneti ya galimoto ya Saturn, imene kampani ya General Motors inayamba kupanga ku Spring Hill m'chigawo cha Tennessee ku America mu 1990, ankaona chinthu chachilendo pa injini yake. Pathupi la buloko ya aluminiyamu panali zipsera za timibulu togundana, tofanana ndendende ndi ta thovu loyera la pulasitiki lija amatchinjirizira firiji kapena wailesi yakanema m'katoni. Sikuti anachita kulemba dala kuti ikongole. Injiniyo inayamba yaumbidwa ndi thovu lenilenilo, kenaka inakwiriridwa mumchenga, ndipo aluminiyamu wosungunuka atathiridwa, thovu linatha ndi moto, chitsulo n'kukhala m'malo mwake. M'Chingerezi njirayi imatchedwa lost foam casting, ndipo mbiri yake kawirikawiri imafotokozedwa ngati nkhani ya pulasitiki: kunabwera chipangizo chatsopano, munthu wanzeru anachipezera ntchito mu 1958, mafakitale n'kutsatira. Ine ndikuona kuti kafotokozedwe kameneka kamaphonya pamene pagona nkhani. Chimene chinachititsa kuti njirayi itheke m'fakitale si thovu ayi, koma kachigoba kopyapyala ka dongo losapsa ndi moto kamene amamata pathovupo asanalikwirire. Kachigoba kameneka ndi mbali yakale kwambiri ya luso lonse loumba zitsulo, ndipo kanalipo zaka masauzande pulasitiki asanadziwike.

Kuti tione chifukwa chake, tiyambe ndi vuto limene woumba chitsulo aliyense amakumana nalo. Kusula ndi kuumba n'zosiyana. Makolo a kuno ankatulutsa chitsulo m'ng'anjo chili chibuma, chisanasanduke madzi, n'kuchisula ndi nyundo mpaka chikhale khasu kapena mkondo. Woumba yekha amasungunula chitsulo mpaka chiziyenda, n'kuchithira m'chikombole. Chikombole chikakhala chotseguka pamwamba, monga zija ankaumbiramo mitanda ya mkuwa yonga imene inapezeka ku Ingombe Ilede m'chigwa cha Zambezi, ntchito siivuta kwenikweni. Mavuto amayamba chinthu chikakhala ndi maonekedwe mbali zonse, makamaka chikakhala ndi mphako mkati. Pamenepo pamafunika chifanizo, chathabwa kapena chachitsulo, chimene amachitsendera mumchenga kuti chisiye malo ake, koma chifanizocho chiyenera kutulukamo chitsulo chisanalowe. N'chifukwa chake chikombole chamchenga chimagawidwa pawiri, m'mbali mwa chifanizo mumapendekeka pang'ono kuti chizuke osagumula mchenga, ndipo mphako iliyonse imafuna kachidutswa kakekake ka mchenga womatidwa ndi mankhwala kamene amakakhazika mkati. Hedi ya injini ili ndi njira zokhotakhota za madzi, mafuta, mpweya ndi utsi, choncho imafuna tizidutswa totere tambiri, ndipo kamodzi kokha kakasuntha ntchito yonse yaonongeka.

Yankho la vutoli linapezeka kalekale: ngati chifanizo sichingatuluke chamtunthu, chionongedwe chili momwemo. Kachithumwa kamkuwa kooneka ngati gudumu kamene kanafukulidwa ku Mehrgarh m'dziko la Pakistan kali ndi zaka pafupifupi 6,000, ndipo kanayamba kaumbidwa ndi phula, n'kukutidwa ndi dongo, phula n'kusungunulidwa, mkuwa n'kuthiridwa m'malo mwake. Mu 1961, m'phanga la ku Nahal Mishmar kufupi ndi Nyanja Yakufa, munapezeka zinthu zoposa 400, zambiri zamkuwa, ndipo zokongola kwambiri mwa izo zinaumbidwa mwa njira yomweyi zaka zoposa 5,000 zapitazo. Kumadzulo kwa Africa luso limeneli linafika pachimake. Ku Igbo-Ukwu m'dziko la Nigeria, Thurstan Shaw anayamba kufukula mu 1959 ziwiya za m'zaka za m'ma 800 ndi 900, kuphatikizapo mphika wozingidwa ndi zingwe zamkuwa zolukana. Mitu ya ku Ife, imene yambiri inapezeka mu 1938, ndiponso zosema zamkuwa za kunyumba ya Oba, mfumu ya ku Benin, zimene asilikali a Britain analanda mu 1897, zonsezi zinatuluka m'zikombole zimene phula linasungunukiramo. Amisiri achiasante a ku Ghana, poumba timiyala tamkuwa toyezera golide, nthawi zina sankavutika n'komwe ndi phula: ankatenga chikumbu chenicheni, mtedza kapena chala cha nkhanu, n'kuchimata dongo, n'kuchiotcha mpaka chisanduke phulusa. Ganizo lotaya chifanizo, ndiye kuti, silinabadwe mu 1958.

Pa luso limeneli chimene chimasiyanitsa mmisiri ndi wophunzira si phula. Phula ngakhale mwana akhoza kuliumba. Pamene pamavuta ndi padongo. Amisiri a m'midzi yozungulira Kumasi ku Ghana mpaka lero amayamba ndi kupaka pachifanizo phala lamadzimadzi la dongo losalala losakaniza ndi ufa wa makala, kuliyanika, kupakanso, ndipo pomaliza amakuta ndi dongo lokhakhala losakaniza ndi ulusi wa zomera. Phala loyambalo limalowa m'kamzere kalikonse ndipo ndi limene limapatsa chitsulo nkhope yake. Dongo lakunja limapereka mphamvu. Ku Ulaya mabuku akale amanena zofanana. Theophilus, amene analemba za ntchito zamanja cha m'ma 1120, ankasakaniza dongo ndi ndowe. Vannoccio Biringuccio, m'buku lake la mu 1540, anatchula ubweya ndi ndowe za ziweto, ndipo Benvenuto Cellini wa ku Florence ankasakaniza dongo ndi nyenyeswa za nsalu n'kulisiya miyezi ingapo kuti liole. Amisiri a ku Kumasi ndi a ku Ulayawa sankadziwana, koma onse ankafuna chinthu chimodzi. Makala, ndowe, ulusi ndi nsalu zimaletsa dongo kung'aluka likamauma, ndipo zikapsa zimasiya timabowo tosaoneka ndi maso, totha kutulutsa mpweya koma tosatha kudutsa chitsulo. Chikombole chabwino chili ngati mtsuko wadothi umene umasunga madzi koma n'kumatuluka thukuta. Chikatseka kwambiri, mpweya umatsekeredwa m'chitsulo n'kusiya mphako. Chikatseguka kwambiri, chitsulo chimalowerera m'dongo.

Mafakitale amakono anachedwa kuitola njira ya phula. Mu 1907 dokotala wa mano wa ku Chicago, William Taggart, anaonetsa mmene angaumbire tizidutswa tagolide totsekera mano, ndipo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse njirayi inagwiritsidwa ntchito popanga timapiko ta makina opopera mpweya mu injini za ndege, ta zitsulo zolimba zovuta kuzisema. M'zaka za m'ma 1950 kunafala chigoba cha seramiki: chifanizo chaphula amachiviika m'phala, kuchiwaza mchenga, kuchiyanika, n'kubwereza kangapo mpaka chigoba chikhuthale moti n'kuima pachokha. Akatero amasungunula phula, kuotcha chigoba mu uvuni, kenaka n'kuthira chitsulo. Zotuluka zake n'zosalala ndi zolondola miyezo, koma ntchitoyi imadya masiku ndi ndalama, ndipo chinthu chikakula phula limalemera, limapindika, ndiponso likamatenthedwa limafufuma n'kung'amba chigoba. Palibe akanaumba mabuloko a injini masauzande pa sabata mwa njira imeneyi. Panafunika chifanizo chopepuka, chotchipa, chosavuta kuchionongera m'chikombole.

Chifanizo chotere chinachokera ku Germany. Ku kampani ya BASF mumzinda wa Ludwigshafen, Fritz Stastny anapeza njira yofufumitsira timibulu ta polystyrene ndi nthunzi, ndipo chipangizocho chinayamba kugulitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ndi dzina loti Styropor. Pa magawo 100 aliwonse a thovuli, pafupifupi 98 ndi mpweya. Munthu wa ku America, H.F. Shroyer, anaona kuti chinthu chopanda kanthu mkati chotere sichifunika kuchichotsa n'komwe, chitsulo chamoto chikhoza kuchichotsa chokha, ndipo pa 15 April 1958 anapatsidwa patenti ya chikombole chopanda mphako. Iye ankasema thovu n'kulikwirira mumchenga womatidwa monga mwa nthawi zonse. Njirayi inagwira msanga pa ntchito imodzi: kuumba zidindo zikuluzikulu zachitsulo zopindira malata a matupi a galimoto. Chidindo chotere chimafunika chimodzi chokha, ndiye kusema chifanizo chathabwa cholemera chongogwiritsa ntchito kamodzi kunali kutaya ndalama. Koma zidindo zimenezi n'zokhuthala, ndipo pamwamba pake amadzapala ndi makina, kotero zipsera ndi mwaye zimene thovu linkasiya sizinkadandaulitsa munthu. Pa zinthu zopyapyala zofunika zambirimbiri zofanana, nzeru ya Shroyer payokha sinali yokwanira.

Kusintha kwakukulu kunabwera ndi mchenga wosamata. Merton Flemings wa ku yunivesite ya MIT anayesa kukwirira thovu mumchenga wouma wopanda chomatira chilichonse, ndipo mu 1964 kunatuluka patenti ya T.R. Smith ya njira yomweyi. Phindu lake n'loonekeratu. Mchenga wouma ukagwedezedwa umayenda n'kudzaza mphako iliyonse ya chifanizo, ndiye tizidutswa tamkati tija sitifunikanso, chikombole sichigawidwanso pawiri, ndipo ntchito ikatha amangokhuthula bokosi, mchenga n'kuugwiritsanso ntchito ukazizira. Komatu apa m'pamene panabisala vuto limene linatenga zaka zambiri. Mchenga wouma suima wokha. Chimene chimaugwira ndi thovu, ndipo thovulo ndi limene likutha. Pakati pa chitsulo chimene chikubwera ndi thovu limene likuthawa pamakhala kampata, ndipo pakapanda chotchinga, mchenga umagumukira m'kampatako kapena chitsulo chimalowerera pakati pa mchenga n'kutuluka chokhakhala. Atachotsa chomatira mumchenga, ntchito yonse ya chikombole inagwera pa kachigoba kamene nthawi zambiri sikafika ngakhale milimita imodzi kukhuthala kwake.

Mmene ntchitoyi imayendera m'fakitale masiku ano zikuonetsa bwino udindo wa kachigobaka. Timibulu ta polystyrene, tating'ono kuposa ta m'makatoni, amayamba atifufumitsa ndi nthunzi, kenaka amatiuzira m'chikombole cha aluminiyamu mmene nthunzi ina imatimatiriza pamodzi. Chinthu chovuta ngati hedi ya injini amachiumba m'magawo angapo n'kuwalumikiza ndi guluu wotentha, ndipo umu ndi mmene njira zokhota za mkati zimathekera popanda kuboola. Zifanizo zingapo amazimata pa mtengo umodzi wa thovu umene udzakhale njira ya chitsulo. Kenaka tsango lonselo amaliviika m'phala la madzi, ufa wa miyala yosapsa ndi moto monga silika, alumina, zircon kapena mica, dongo pang'ono loletsa ufawo kudikha pansi, ndi chomatira. Amaliyanika pa kutentha kochepa, madigiri 40 mpaka 60, chifukwa kukapitirira thovu limapindika, ndipo chinyezi chikatsalira chimadzasanduka nthunzi yoononga chitsulo. Chigoba chimenechi sachiotcha mu uvuni ngati cha phula chija, ndipo amachipaka kamodzi kapena kawiri basi. Chikauma chimalimbitsa thovu, limene palokha n'lofewa moti mchenga ukhoza kulikhotetsa. Akatero amaika tsango m'bokosi lachitsulo, mchenga n'kumagwera pang'onopang'ono uku bokosi likunjenjemera, mpaka utatsendereka mbali zonse.

Chimene chimachitika chitsulo chikathiridwa n'chosiyana kwambiri ndi za m'chikombole chopanda kanthu. Mopanda kanthu chitsulo chimathamanga monga mmene kulemera kwake kukuchikankhira. Muno sichingapite patsogolo mpaka thovu litachoka, ndipo thovu silichoka mwamatsenga. Likamva kutentha limayamba lafota, kenaka limasungunuka n'kukhala madzi onanda, ndipo kutentha kukakwera limasanduka mpweya. Madziwo ndi mpweyawo zilibe kwina kotulukira koma kudzera m'chigoba kupita mumchenga. Ndiye kuti liwiro la chitsulo amalilamulira ndi timabowo ta m'chigoba. Tikachepa, mpweya umadzikundika n'kukankha chitsulo chambuyo, nthawi zina mpaka kulavukira pothirira. Chitsulo chimazizira chisanafike kumapeto, kapena mitsinje iwiri ya chitsulo ikakumana siilumikizana bwino chifukwa pakati pake patsalira zinyalala za pulasitiki, ndipo pamenepo m'pamene injini idzadonthere madzi. Tikachuluka, chitsulo chimathamanga mosalongosoka, chimadumpha zidutswa za thovu n'kuzimeza, ndipo zimadzasanduka mphako mkati. Chigoba chimodzi chomwecho chiyenera kutchinga mchenga, kutulutsa mpweya, kumwa madzi a pulasitiki, ndi kusunga kutentha kuti chitsulo chisaume msanga. Ntchito zinayizi zimakokana, ndipo mmisiri wosakaniza phala ndiye amaziyanjanitsa.

Umboni wina woti nkhani yagona pachigoba ndi woti chitsulo chilichonse chimafuna chigoba chakechake pamene thovu ndi lomwelo. Aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660 ndipo pa njirayi amathiridwa ali pakati pa 750 ndi 800. Kutentha kumeneku n'kochepa, moti thovu lambiri limangosanduka madzi, ndipo pamafunika chigoba chomwa madziwo ndi chofunditsa, n'chifukwa chake amakonda kuikamo mica. Ayironi amathiridwa pa madigiri ozungulira 1,400. Pamenepo thovu limaphulika kukhala mpweya wochuluka, ndipo chigoba chiyenera kukhala ndi timabowo tokulirapo komanso cholimba kuti chitsulo cholemeracho chisachiboole. Palinso vuto la kaboni. Pa kulemera kwa polystyrene, magawo 92 pa 100 ndi kaboni, ndipo akalephera kutuluka amasiya timakwinya tonyezimira pa ayironi. Pa sitilo ya kaboni wochepa vutoli limakula, poti chitsulo chimamwa kaboniyo n'kusintha khalidwe lake. Ena anayesa kusakaniza thovu ndi pulasitiki wina wosiya mwaye wochepa. Koma akatswiri a bungwe lofufuza za kuumba sitilo ku Sheffield ku England, m'zaka za m'ma 1980, anasankha kubwerera kumbuyo: m'njira yawo yotchedwa Replicast amakhuthalitsa chigoba, kuotcha thovu lonse mu uvuni, n'kuthira sitilo m'chigoba chopanda kanthu. Pamene thovu linalephera, chimene chinatsala chikugwira ntchito ndi dongo.

Wina anganene kuti ngati zili choncho, palibe chatsopano apa, njirayi ndi ya phula yomwe ija yangovala pulasitiki. Maganizo ameneŵa ndi olakwika, ndipo kuwatsatira n'kuchepetsa zimene akatswiri a m'zaka za m'ma 1900 anachita. Mmisiri wa ku Ife ankachotsa phula kaye, kuotcha chikombole mpaka chiume gwa, kenaka n'kuthira mkuwa. Ntchito ziwirizi zinali zotalikirana, ndipo akanatha kuonetsetsa kuti yoyamba yatha bwino asanayambe yachiwiri. Pa njira ya thovu, kuononga chifanizo ndi kudzaza chikombole zimachitika nthawi imodzi, m'masekondi ochepa, pansi pa mchenga pamene diso silifika. Dongo la mmisiri wakale linkangofunika kutulutsa mpweya umene unali m'mphako. Chigoba chamakono chiyenera kutulutsa thupi lonse la chifanizo. Chikombole chakale chinali chokhuthala choima pachokha. Chamakono n'chopyapyala chodalira mchenga kuti uchichirikize. Chatsopano chilipo ndithu, koma sindikuchiona pa ganizo lotaya chifanizo, limene ndi lakale, kapena pa thovu, limene linapangidwira ntchito zina. Ndikuchiona pa kusenzetsa dongo ntchito yolemera kuposa imene linasenzapo kale.

Winanso angatsutse kuti chimene chinachedwetsa njirayi kuyambira 1958 mpaka zaka za m'ma 1980 si dongo koma malamulo ndi ndalama. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu. Nthawi imeneyo patenti ya ku America inkakhala zaka 17, ndiye ya Shroyer inatha mu 1975 ndipo ya Smith mu 1981. Kukwera mtengo kwa mafuta mu 1973 ndi mu 1979, pamodzi ndi lamulo la ku America la mu 1975 lokakamiza makampani kupanga galimoto zosamwa mafuta ambiri, kunachititsa kuti aluminiyamu wopepuka afunike mu injini. Sizinangochitika mwangozi kuti General Motors inayamba kuumba mahedi a injini ya dizilo ya malita 4.3 mwa njirayi ku Massena m'chigawo cha New York kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Koma zonsezi zikungofotokoza chifukwa chimene makampani anaifunira njirayi. Sizikufotokoza chifukwa chimene inathekera. Mapatenti atatha, mavuto a timakwinya ndi mphako sanathe nawo limodzi. N'chifukwa chake kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mafakitale a ku America anasonkhana ndi yunivesite ya Alabama ku Birmingham, mothandizidwa ndi boma, kuti afufuze chimene chimachitika mumchengamo, mpaka kujambula chitsulo chikuyenda pogwiritsa ntchito ekisire, ndi kupeza njira zoyezera kapumidwe ka chigoba. N'zoona kuti timibulu tabwino, guluu woyenera ndi makina ogwedezera mchenga zinathandizanso. Koma timibulu ndi guluu zimangoonjezera kapena kuchepetsa zinyalala zofunika kutuluka, pamene khomo lotulukira ndi limodzi lokha.

Palinso amene angaone ngati kutchula Igbo-Ukwu ndi Kumasi m'nkhani ya injini za ku Tennessee n'kungofuna kukometsa mbiri ya Africa. Ndiyenera kunena mosabisa kuti sindikunena kuti Shroyer kapena akatswiri a General Motors anaphunzira kwa amisiri a ku Benin. Phala la m'fakitale linachokera ku mwambo wa mafakitale omwewo wopaka zikombole zamchenga ndiponso ku chigoba cha seramiki cha m'zaka za m'ma 1950. Chimene chikulumikiza anthu ameneŵa ndi vuto limene anakumana nalo. Aliyense wotsekera chifanizo m'chikombole chosatseguka, kaya ndi wa ku Mehrgarh, ku Florence kapena ku Massena, amakakamizika kufunsa mafunso omwewo: ufa ukhale wosalala motani kuti nkhope ituluke, timabowo tichuluke motani kuti mpweya utuluke, chigoba chiume motani osang'aluka. Kufanana kwa mayankho a anthu osadziwana ndi umboni wamphamvu kuposa mzere wa mphunzitsi ndi wophunzira, chifukwa kukusonyeza kuti vutoli n'lochokera m'chilengedwe cha chitsulo ndi moto, osati m'chizolowezi cha mtundu umodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti wakale ankayeza phala ndi chala ndi diso, pamene wamakono amayeza kunanda kwake ndi kapumidwe kake ndi zida, tsiku lililonse, chifukwa iye akufuna zinthu masauzande zofanana osati chimodzi chokongola.

Chitsutso chomaliza ndi cholemera kuposa zonse: kodi njirayi sinagonje? Fakitale ya ku Massena inatsekedwa mu 2009, dzina la Saturn linatha mu 2010, ndipo injini ya masilinda 6 ya Vortec 4200, imene buloko ndi hedi yake zinkaumbidwa ndi thovu, inasiya kupangidwa cha nthawi yomweyo. Mbali ina ya yankho ndi yoti zimenezi zinachitika pa nthawi imene General Motors inali pa mavuto a zachuma, ndipo zambiri zimene zinatsekedwa pamenepo zinalibe chochita ndi thovu. Komabe si chilungamo kubisala kumbuyo kwa mfundo imeneyi, chifukwa pa injini zambiri zatsopano makampani anasankhadi njira zina. Chifukwa chake chikubwereranso kuchigoba. Chigoba chofunditsa ndi mchenga wouma, zimene zimathandiza aluminiyamu kufika kumapeto kwa chifanizo asanaume, zimachititsanso kuti azizire pang'onopang'ono, ndipo aluminiyamu wozizira mochedwa amakhala ndi timphako tambiri mkati ndiponso sapirira kwambiri kupindidwapindidwa. Injini zamakono zazing'ono zokhala ndi tebo, makina opopera mpweya mu injini, zimapanikiza chitsulo kwambiri kuposa za mu 1990. Chomwe chinatsegulira njirayi khomo n'chomwenso chinaiikira malire, ndipo munthu wongoyang'ana thovu sangamvetse kukwera kwake ngakhale kutsika kwake.

Kumene njirayi ikupitirira, ikupitirira chifukwa anthu anapeza mothandizira chigoba pa zimene sichingathe chokha. Kampani ya Mercury Marine ya ku Fond du Lac m'chigawo cha Wisconsin, yopanga injini za maboti, imatsekera bokosi m'thanki chitsulo chikangothiridwa n'kulipanikiza ndi mpweya wamphamvu pafupifupi kakhumi kuposa wamba, kuti timphako tisakule aluminiyamu akamauma. Ku China, kumene njirayi yafala kwambiri pa ayironi, poumba zolumikizira mapaipi, makesi a magiya ndi a mamota, amakonda kuphimba bokosi ndi pepala la pulasitiki n'kumakoka mpweya ndi pampu, kuti utsi wa thovu udutse msanga m'chigoba ndipo mchenga ugwirane. Utsi umenewo uli ndi styrene ndi benzene, zoipa m'thupi la munthu, ndipo fakitale yosamala imauotcha usanatuluke kunja. Kusowa kwa chomatira mumchenga sikutanthauza kuti njirayi ilibe litsiro lake.

Nanga n'chifukwa chiyani mbiri yofala imakweza thovu n'kuiwala dongo? Ndikuganiza kuti n'chifukwa cha mtundu wa umboni umene olemba mbiri amaupeza mosavuta. Patenti ili ndi dzina la munthu, tsiku ndi nambala, ndipo imalowa bwino m'buku. Kasakanizidwe ka phala kalibe tsiku lobadwa. Kamasintha pang'onopang'ono m'manja mwa anthu ambiri, ndipo eni ake sakonda kukaulula. Ku Benin luso loumba mkuwa linali la mabanja a mumsewu wa Igun okha, pansi pa ulamuliro wa Oba, ndipo lero makampani ogulitsa phala la zigoba nawonso amasunga kasakanizidwe kawo ngati chinsinsi cha malonda. Mbiri yolembedwa kuchokera m'mapatenti okha idzapitiriza kunena kuti njirayi inayamba mu 1958. Mbiri yofunsa kuti ndi liti pamene fakitale inayamba kutulutsa mahedi a injini masauzande osadontha idzapeza kuti panadutsa zaka zoposa 20, ndipo kuti mbali yaikulu ya zaka zimenezo, ndi zina zotsatira, inathera pa kuphunzira kusakaniza, kupaka ndi kuyanika dongo.